Mtunda wautali kapena maraundi, boti limodzi ndilikonze bwanji?

Phiri, Hamble

Akuluakulu, ndabwera ndi vuto la kuntchito ndipo nthawi yandithera. Ndikukonza boti la bwana wina lomwe likachite nawo mpikisano wa offshore (wa maboti a liwiro panyanja yaikulu) Loweruka la sabata ya mawa kuno kum'mwera kwa England. Ndi RIB (boti la mimba yolimba lokhala ndi machubu a mpweya m'mbali) ya mamita 10, ya injini ziwiri zapanja za 300 hp iliyonse. Thanki yaikulu ndi ya malita 400, ili pansi pa mipando, ndipo pali ina yothandizira ya malita 150 yomwe tinaika chakutsogolo.

Pomwe bwanayo ankalembetsa, chikalata chinati mtunda ndi mamailosi 90, kutuluka mu Solent (mpata wa nyanja pakati pa gombe la kuno ndi chilumba cha Isle of Wight), kukazungulira maboya (zizindikiro zoyandama) akutali n'kubwerera. Dzulo okonza mpikisano atumiza chikalata china. Akuti nyengo ikaipa mtunda wautaliwo auchotsa, m'malo mwake kudzakhala maraundi 8 a mamailosi 6 pafupi ndi gombe. Chigamulo adzapereka pa msonkhano wa oyendetsa 8 koloko m'mawa wa tsiku lomwelo, chonsecho maboti ayenera kuchoka padoko 10 koloko.

Bwana akuti thanki yaing'onoyo ndiichotse, ndi katundu chabe. Masamu ake ndi akuti akamathamanga geji imamuonetsa malita 3 pa mailo, ndiye 90 kuchulukitsa ndi 3 ndi 270, atsala ndi 130. Mtima wanga sukuvomera koma ndikusowa pomugwira. Chachiwiri ndi mapulopela. Ndili ndi a masamba atatu a pitch 28 (mainchi omwe pulopela imasuntha ikazungulira kamodzi) omwe amatipatsa ma knot 65 (mamailosi a panyanja pa ola) madzi akakhala bata, ndi ena a masamba anayi a pitch 26. Maola awiri sangandikwanire kusintha zonse. Ndiyambire pati?

Nachisale, Cape Town

Achimwene, musanapite patali, GPS ya bwana wanuyo ili pa mph (mamailosi a pamsewu pa ola) kapena pa ma knot?

Phiri, Hamble

Ndangokayang'ana kumene achemwali. Ili pa mph. Iye anazolowera za galimoto.

Nachisale, Cape Town

Pomugwira ndi pomwepo. Chikalata cha mpikisano wa panyanja chikati mamailosi chimanena a panyanja, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852, pomwe ya pamsewu ndi 1.609. Mamailosi 90 a okonzawo ndi pafupifupi 104 pa GPS ya bwana wanu. Malita 3 akewo ndi 3.45 pa mailo ya panyanja, ndiye ayambire pa 310, aiwale za 270. Apa n'kuti nyanja ili bata, boti likuyenda mowongoka ngati pa pepala.

Gondwe, Poole

Nachisale wagwira nkhani pamutu. Ine ndiwonjezere kuti a Phiri musiye kuwerenga mafuta ndi mamailosi, muziwerenga ndi maola. Injini ya petulo ikatsegulidwa yonse imamwa pafupifupi galoni imodzi ya ku America pa ola pa 10 hp iliyonse. Zanuzo ndi 600 hp, ndiye magaloni 60, omwe ndi malita oposa pang'ono 220 pa ola. Pa bata mukhoza kusunga ma knot 58, ulendo wonse ola limodzi ndi theka ndi kakuti, malita 200 pa ola, mwafika pa 310 ya Nachisale ija. Koma mphepo ya kum'mwera chakumadzulo ikawomba moyang'anizana ndi madzi akamaphwa, potulukira pa Needles, kumapeto kwa Solent chakumadzulo, mafunde amakhala afupiafupi ndi oimirira. Liwiro litsika kufika mwina pa 35. Ulendo uja wasanduka wa maola awiri ndi theka. Musaganize kuti poti mukuyenda pang'ono ndiye mafuta akusungika, chifukwa wogwira throttle (chotsegulira mphamvu ya injini) amatseka boti likadumpha, n'kutsegulanso likatera, fundu lililonse. Ikani malita 140 pa ola. Mwafika 360.

Onjezani ulendo wochoka padoko kukafika posonkhanira, kuzungulirazungulira kudikira mbendera, kuthamanga pambuyo pa boti loyambitsa, ndi kubwerera kudoko mpikisano ukatha. Malita 50 sachedwa kutha pamenepo. Mwafika 410, thanki ndi ya 400, ndipo palibe thanki yomwe imapereka dontho lake lomaliza. Bwana wanuyo akakokedwa ndi chingwe kumapeto kwenikweni.

Koma chomwe chandiwawa ine pa nkhaniyi si masamu. Ndi chizolowezi chomathamangira ku maraundi. Masewerawa anabadwira pa mtunda wautali. Mu 1960, pa mpikisano wochoka ku Miami kupita ku Nassau, mamailosi oposa 180 kuwoloka madzi othamanga a Gulf Stream nyanja itakalipa, boti la Dick Bertram lotchedwa Moppie linasiya anzake kutali chifukwa cha mimba yake yozama ya V yomwe anajambula Ray Hunt. Mimba yomweyo ndi yomwe ili pansi pa RIB yanuyo lero. Akanakhala kuti ankangozungulira maboya padoko, palibe akanaivutikira. Sir Max Aitken ataona za ku Miami anayambitsa wa Cowes kupita ku Torquay mu 1961, ndipo Tommy Sopwith anapambana ndi Thunderbolt pa liwiro la pafupifupi mamailosi 25 pa ola. Lero wina angaseke liwiro limenelo, koma ambiri omwe ananyamuka naye sanafike. Kuyambira 1968 anayamba kupita ndi kubwerera, mtunda wa pafupifupi mamailosi 200, kuposa theka la kutalika kwa nyanja yathu ya Malawi. Umadutsa pa Portland Bill pomwe madzi amawira, kenako Lyme Bay, pafupifupi mamailosi 40 opanda pobisala. Kumeneko n'komwe ntchito ya makaniko imaonekera. Kilipi ya paipi yomwe sunamange bwino imadikira ola lachiwiri kuti ikuyalutse. Pa maraundi a mphindi 50 boti lomangidwa mwachinyengo likhoza kupambana, ndipo mwini wake sadzadziwa n'komwe kuti linali pafupi kuphwasuka.

Mbewe, Dubai

Madala Gondwe, masamu anu ndawalandira ndi manja awiri, koma pa za maraundi ndikupemphani tisiyane maganizo. Mukunena za maboti a mamailosi 25 pa ola. A Class 1 alero, gulu lapamwamba la mipikisanoyi, ndi a mimba ziwiri, mamita 12 mpaka 14, olemera pafupifupi matani 5, injini ziwiri za Mercury Racing za 1,100 hp iliyonse, ndipo amapitirira makilomita 250 pa ola. Boti lotere likagudubuzika pakati pa Lyme Bay, wokawatulutsa anthu awiriwo afika nthawi yanji? Stefano Casiraghi anafa pa 3 Okutobala 1990 kufupi ndi Monaco akuteteza ukatswiri wake wa dziko lonse, m'boti lopanda denga. Zitachitika zimenezo m'pomwe anthu analimbikira za zipinda zotseka, malamba, mabotolo a mpweya, ndi njira zoti opulumutsa azitha kuziona zonse. Sanachite zimenezi chifukwa cha mantha, anaika maliro.

Ndiponso musapeputse zomwe maraundi amachita ku makina. Pa mtunda wautali injini imakhazikika, kutentha kwake kumakhala pamodzi. Pa raundi ya mamailosi 6 yokhala ndi makona anayi, maraundi 8 ndi makona 32, ndipo kona iliyonse ndi kutseka, kukhota boti litapendekeka, n'kutsegula yonse kuchokera pansi. Magiya a m'mwendo wa injini, mabawuti a pa transom (khoma lakumbuyo kwa boti), ma ram okankha chiwongolero, zonsezi zimalira. Kuno tikamaliza mpikisano wa maraundi timatsitsa oilo wa magiya n'kuyang'ana maginito a pa pulagi, ndipo nthawi zambiri timapeza tizitsulo tambiri kuposa tikachoka koyesa boti mtunda wautali. Raundi yachitatu ikamakwana, madzi onse amakhala atavundulidwa ndi maboti anzako, mafunde akuchokera mbali zonse, opanda dongosolo loti wogwira throttle n'kuwawerenga.

Chomaliza, ndalama. Amene amalipira dzina lake pambali pa boti amafuna anthu alione. Mpikisano wautali anthu amaona maboti akunyamuka, kenako nyanja yokha maola atatu. Malipiro athu enafe amachokera kwa anthu omwe aima pagombe aja.

Gondwe, Poole

A Mbewe, za Class 1 sindikutsutsa. Koma boti la a Phiri si Class 1. Ndi RIB ya ma knot 65, yomwe anaipangira nyanja yeniyeni. N'chifukwa chiyani mankhwala a wodwala wina akumwetsedwa kwa aliyense? Mu 2008 maboti anazungulira Britain, monga anachitira mu 1969 ndi mu 1984, ndipo ambiri a mu 2008 anali ma RIB ngati limeneli.

Nachisale, Cape Town

Bambo Gondwe ndi achimwene a Mbewe, ine ndimakhala pa boti lopulumutsa, ndiye ndiloleni ndinene zomwe ndimaona ndili pamenepo.

Okonza mpikisano akamafupikitsa mtunda, kawirikawiri sayang'ana kulimba kwa maboti othamanga. Amayang'ana athuwa. Njira ya mamailosi 90 imafuna maboti olondera omwazika ponseponse, ena kukaima pa boya lakutali maola anayi, ndipo ambiri ndi a anthu ongodzipereka, maboti ang'onoang'ono a mamita 6. Mphepo ikakula, oyamba kulephera ndi iwowo. Helikopita nayo ili ndi malire ake mitambo ikatsika. Madzi a English Channel ngakhale mu Ogasiti amakhala cha m'ma digiri 16 kapena 17, ndipo munthu wothyoka nthiti sakhalitsa mmenemo ali ndi mphamvu. Ndiye wokonza akaona kuti sangafike pa munthu m'mphindi zochepa, alibe kuchitira mwina. A inshuwalansi nawo amamufunsa funso lomwelo.

Koma achimwene a Mbewe, tisanamizanenso kuti maraundi ndiwo chitetezo. Ku Key West mu Novembala 2011 anthu atatu anafa m'sabata imodzi, pa njira ya maraundi, gombe lili pomwepo, opulumutsa ali pafupi. Kwanu komweko ku Dubai mu Disembala 2009 anthu awiri a Victory Team anafa pa mpikisano wa Class 1. Njira yaifupi imasonkhanitsa maboti pa kona imodzi, aliyense akufuna mkati, ndipo woyendetsa amadziwa kuti alibe maola awiri oti abweze zomwe wataya, ndiye amaumirira. Pa mtunda wautali ngozi zomwe timathamangira ndi kutopa, misana, kusokera ndi kutha mafuta. Pa maraundi ndi kugundana ndi kugudubuzika pokhota. Ngozi imangosintha nkhope.

Kwa inu a Phiri, tanthauzo lake ndi lakuti muonetsetse zingwe zozimitsira injini za anthu onse awiri, chifukwa pa maraundi munthu akaponyedwa kunja boti lopanda woyendetsa limabwerera pakati pa anzake. Ndipo chingwe chokokera chikhale chomangiratu kutsogolo, chofikirika, osati pansi pa katundu.

Tembo, Fort Lauderdale

Mkangano wa akuluakuluwu ndi wokoma koma a Phiri ali ndi Loweruka. Ndibwerere ku mapulopela.

Mukuganiza ngati muli ndi mipikisano iwiri, wautali ndi waufupi. Muli ndi itatu. Wautali pa bata, wautali pa mafunde, ndi waufupi pa mafunde. Waufupi pa bata kulibe, chifukwa chikalata chanena kuti maraundi abwera pokhapokha nyengo itaipa. Tsono taonani, mwa itatuyo iwiri ikufuna pulopela imodzimodzi. Pa mafunde simudzafika pa ma knot 65 anuwo, chomwe mukufuna ndi pulopela yogwira madzi msanga boti likatera, komanso yosaterereka pa kona. Imeneyo ndi ya masamba anayi ya 26. Inchi imodzi ya pitch imasintha ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) pakati pa 150 ndi 200, ndiye kutsika kuchoka pa 28 kufika pa 26 kukubwezerani 300 kapena 400, ngakhale tsamba lachinayilo lidyako ena. Boti lodzaza mafuta likufunanso thandizo lomwelo.

Ndiye mangani a 26 Lachisanu. A 28 akhale m'bokosi pa pontoon (mlatho woyandama wa padoko) pamodzi ndi ma hub ake, manati, mawashala ndi thabwa lotsekera pulopela. Loweruka likacha nyanja ili ngati galasi, ndi ntchito ya mphindi 20 anthu awiri, injini zitakwezedwa. Kukacha mwina mulimonse, simukhudza kanthu. Lembani ndi penti kuti ili ndi lamanja ili ndi lamanzere, chifukwa injini zanuzo zimazungulira mosiyana ndipo m'mawa wa mpikisano manja amanjenjemera.

Injini zili pa jack plate (chokwezera ndi kutsitsira injini) kapena zomangidwa pa mabowo?

Phiri, Hamble

Pa mabowo akulu. Zili pa bowo lachinayi, tinazikweza pofuna liwiro. Zomwe mwanena za mipikisano itatu zanditsegula maso, ndimangoona iwiri.

Tembo, Fort Lauderdale

Zitsitseni bowo limodzi sabata ino, pomwe muli ndi kireni pafupi. Mutayapo knot imodzi kapena ziwiri pa bata, koma pa kona injini yakunja siidzatulutsa pulopela m'madzi, ndipo pampu ya madzi oziziritsa siidzameza mpweya. Mukayesa, maso akhale pa geji ya mphamvu ya madzi pokhota mwamphamvu mbali zonse ziwiri. Ikagwa ngakhale kamphindi, tsitsaninso. Ndipo yesani thanki zonse zili zodzaza ndi anthu awiri m'botimo atavala zonse, osati inu nokha ndi malita 100.

Kuno ku Florida ndi kwawo kwa maraundi, ndipo ine ndimawakonda. Ku Key West munthu umaima pa khoma la doko maboti n'kumadutsa pamphuno pako. Komabe ndikaona anyamata achichepere osadziwa kuwerenga kampasi kapena tchati, oti GPS ikazima basi athedwa, ndimamva zomwe a Gondwe akudandaula.

Mbewe, Dubai

Pa mafuta a maraundi, ndiwerengere ine poti ndiye mbali yanga. Maraundi 8 a mamailosi 6 ndi 48, koma palibe amene amayenda pa mzere wa pa tchati, makona amakutulutsa kunja, ndiye nenani 50. Chifukwa cha kutsegula ndi kutseka ikani malita 4.2 pa mailo, ndi 210. Kuphatikiza 50 ya madala Gondwe ija, 260. Ndi chosungira, 320 yakwana. Mukanyamula 550 yonse ndiye kuti mwasenza malita 230 opanda ntchito, ndipo petulo amalemera pafupifupi magalamu 750 pa lita, ndiye makilogalamu 170. Ndi anthu awiri akuluakulu okwera ulere. Potuluka pa kona iliyonse mudzawamva. Apa bwana wanu sanalakwe kwenikweni, kulemera n'kofunika. Walakwa pofuna kuchotsa thanki m'malo mongoisiya yopanda kanthu.

Che Jafali, Mangochi

Ndimangowerenga mwakachetechete poti zanuzi n'zazikulu, ife kuno ndi maboti onyamula alendo a m'malo ogona. Koma pa za thanki yosadzaza ndili ndi mawu. Nyengo ya mwera, boti likamamenya mafunde thanki ili theka, mafuta amathawira mbali imodzi, kapaipi koyamwa kamatsala pamwamba n'kumeza mpweya. Injini imatsokomola kapena kuzima pomwe ukuifunitsitsa, fundu lili pamphumi. Kachiwiri, kugwedezekako kumadzutsa zinyalala ndi madzi omwe anagona pansi pa thanki, zonse n'kupita ku fyuluta. A Mbewe akuti 320 mu thanki ya 400. Pofika raundi yachisanu ndi chiwiri mudzakhala mutatsala ndi malita mwina 120, boti likupendekeka pa kona. A Phiri, thanki yanuyo ili ndi zipupa zamkati? Nanga kapaipi kali pakati kapena pambali?

Phiri, Hamble

Che Jafali, funso lanulo landiyendetsa mpaka kukatsegula chivundikiro. Zipupa zilimo ziwiri zopingasa, koma yotsata m'litali mulibe. Mapaipi oyamwa ndi awiri, injini iliyonse yake, onse ali kumbuyo, ina chakumanja ina chakumanzere. Ndiye pa kona yaitali imodzi mwa iwo ikhoza kutsala pouma mafuta akachepa.

Gondwe, Poole

Mwaona, nzeru zachokera ku Mangochi. Ndiye a Phiri musavutike ndi 320. Thanki yaikulu idzaze mpaka 400 mulimonse mmene zingakhalire. Malita 80 owonjezerawo ndi makilogalamu 60, ali pakati pa boti, pansi, pomwe savuta. Chosintha chikhale chimodzi chokha, thanki yakutsogolo, yodzaza kapena youma. Osaika theka mmenemo, chifukwa mafuta oyendayenda kumphuno amasokoneza boti potera.

Ndipo kumbukirani kuti kuthira n'kosavuta kuposa kuchotsa. Kupopa petulo kumutulutsa m'boti pa pontoon, mabatire ali pompo, anthu akudutsa, ndi ngozi, ndipo madoko ambiri salola. Choncho Lachisanu yakutsogolo igone youma, valavu yake yotseka, paipi yopumira ili bwinobwino poti thanki youma ya petulo imakhala ndi mpweya woyaka. Akalengeza mtunda wautali, mupite pothirira mafuta mukathire 150.

Ubwino wina ndi uwu. Pa mtunda wautali wa mafunde, makilogalamu 110 akutsogolowo adzakuthandizani kugoneka mphuno pomwe mukulimbana ndi mphepo potuluka. Muuzeni woyendetsa ayambe kumwa thanki yaikulu, yakutsogolo aisunge mpaka atakhota boya lakutali. Pobwerera mafunde akukankha kumbuyo, mphuno yolemera ndi yoopsa chifukwa imalowa m'fundu lakutsogolo, ndiye apo atsegule yakutsogolo ipepuke msanga. Zimatengera komwe mphepo ikuchokera tsikulo, koma kuno kawirikawiri potuluka chakumadzulo umakumana nayo maso ndi maso.

Mbewe, Dubai

Makilogalamu 60 ndawavomera, Che Jafali andigonjetsa ndi kapaipi. Injini imodzi ikazima pakati pa kona inayo ili yotsegula, boti limazungulira lokha, ndipo limenelo ndi vuto loposa kulemera. Koma pa zosintha thanki ali pa liwiro, madala, ndili ndi nkhawa. Valavu ili pati? Ngati munthu ayenera kumasula dzanja n'kuwerama pa ma knot 40, ndiye ayi.

Phiri, Hamble

Si valavu yosinthira injini ayi. Yakutsogolo imatsanulira mu yaikulu kudzera pa pampu yamagetsi, switch ili pa dashibodi pafupi ndi woyang'ana njira. Valavu yotsegula ndi manja ndi yongotsekera, ndidzaitsegula padoko ndikathira.

Mbewe, Dubai

Zili bwino choncho. Ingomuuzani woyang'ana njirayo asayatse pampuyo yaikulu isanatsike ndi malita oposa 150, apo ayi mafuta adzatulukira ku paipi yopumira. Ikani chivundikiro pa switch kuti bondo lisaigunde, ndipo fyuzi ina ya pampuyo imatidwe ndi tepi pomwepo.

Nachisale, Cape Town

Chatsala ndi cha mapepala, ndipo chimenechi chitani lero. Lemberani okonza mpikisano, osati pafoni, muwafunse zinthu izi. Kodi kuthira mafuta msonkhano utatha n'kololedwa, boti litayenderedwa kale ndi oyendera? Kodi mapulopela onse awiri muwaonetse poyendera? Kodi gulu lanu lili ndi malire a kulemera kochepetsetsa, poti thanki youma ikhoza kukutsitsani pansi pa malirewo akakakuyezani pomaliza? Safunsa anadya phula, achimwene. Afunseninso kuti atsimikize kuti mamailosiwo ndi a panyanja, kuti bwana wanu aone yekha zolembedwa ndi eni ake.

Komanso pothirira mafuta. Si doko lililonse lomwe lili ndi petulo, ambiri ndi dizilo yekha, ndipo ngati maboti onse aganiza ngati ife pano, 8:30 padzakhala mzere. Kalankhuleni nawo pasadakhale.

Gondwe, Poole

Apa mpomwe ndimati okonza nawo azitiganizira. Sindikukana njira ya nyengo yoipa, Nachisale wandimveketsa za maboti olondera. Koma kuchoka pa 90 kufika pa 48 ya maraundi ndi kusintha masewero onse, ndipo akutiuza kutatsala maola awiri. Zolosera zanyengo za masiku ano zimaoneka bwino madzulo a dzulo lake. Akanati chigamulo choyamba 6 koloko madzulo Lachisanu, chotsimikiza m'mawa. Kapena njira ya nyengo yoipa ikhale maraundi awiri aatali a mamailosi 25 m'madzi obisika, kuti boti lomwe analikonzera mtunda lisapezeke likupikisana pa makona okhaokha. A Phiri, polemba kalata yanuyo muikemo pempho limeneli mwaulemu. Amakaniko tikangokhala chete adzayesa kuti zilibe kanthu.

Tembo, Fort Lauderdale

Maraundi aatali ndikugwirizana nawo. Owonerera amaona maboti kangapo, woyang'ana njira amakhalabe ndi ntchito. Kungoti raundi ya mamailosi 25 imafuna olondera ochuluka kuposa ya 6, ndiye tabwereranso kwa achemwali athu.

Nachisale, Cape Town

Ochuluka ndithu, koma m'madzi obisika boti la mamita 6 likhoza kuima osavutika. Zimatheka ngati oyang'anira doko avomera, poti mu Solent mumadutsa zombo zazikulu zopita ku Southampton ndi ma ferry a ku Isle of Wight, ndipo njira zawo sungazitseke mwachisawawa. N'chifukwa chake okonza amakonda kabwalo kakang'ono, n'kosavuta kupempha.

Phiri, Hamble

Zikomo kwambiri nonse. Ndakhala pansi ndi bwana masana ano, ndamusinthira GPS kuti ikhale pa ma knot iye akuona, ndipo ndamulembera 410 ija pa pepala pafupi ndi 400. Wavomera kuti thanki ikhale. Anafunsa ngati 550 ikukwana pa tsiku loipitsitsa, ndamuonetsa kuti atsala ndi pafupifupi 140, kuchotsapo omwe mapaipi sangayamwe.

Mawa titsitsa injini bowo limodzi, timanga a 26, tisintha mafyuluta onse olekanitsa madzi, ndipo awiri atsopano alowa m'boti pamodzi ndi sipanala yake. Lachitatu tiyesa thanki zonse zili zodzaza, kenako ndikufuna kuyesanso makona yaikulu itatsala ndi malita 150 kuti ndione ngati mapaipi ameza mpweya monga anenera Che Jafali. Kalata kwa okonza yapita, pempho la madala Gondwe lili momwemo. A pothirira mafuta andilemba 8:40.

Funso limodzi lotsala kwa a Tembo. Poyesa a 26 boti lili lodzaza, ma rev ndiyembekezere pati kuti ndidziwe kuti zili bwino?

Tembo, Fort Lauderdale

Onani m'buku la injini yanuyo malire a ma rev ikatsegulidwa yonse. Boti lili lodzaza, trim (kapendekedwe ka injini) ili pabwino, mukhale pakati pa malirewo kapena kupitirira pang'ono, kuti mafuta akamatha boti n'kupepuka mukafike chakumwamba osagunda limiter (choletsa injini kupitirira malire a ma rev). Mukagunda limiter muli odzaza, 26 yachepa, bwerekani 27 ya masamba anayi. Injini ziwirizo zisasiyane ndi ma rev oposa 100. Zikasiyana, musanaloze chala injini, yambani mwaona ngati mwazimanga pa bowo lofanana ndiponso ngati masamba a pulopela imodzi sanapindike.